Nambala ya Bakha wa Mwendo Umodzi

Dzina loti a Namizere anawapatsa ndi ana a sukulu. Anaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo pa zaka zonsezo sanalolepo mwana kujambula mzere popanda lula. Mwana akapeza ansa yolondola koma osaonetsa njira imene wadutsa, ankamubwezera kope lake uku akumuyang'anira pamwamba pa magalasi. "Lemba, mwanawe," ankatero. "Mutu wakowo umaiwala, koma kope siliiwala." Mawu amenewa muwasunge, chifukwa tsiku lina anadzawatembenukira eni ake.

Atapuma pa ntchito, nyumba inawachepera. Anasesa mosesedwa kale, anasanja mbale potengera kukula kwake, kenako anayamba kuwerengera amuna awo masupuni a shuga. Amuna awowo, dalaivala wa basi amenenso anapuma pa ntchito, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, anapirira miyezi itatu. Mwezi wachinayi anapita kwa mwana wawo wamwamuna kukadandaula.

"Amayi akowa uwapezere chochita. Apo ayi ayamba kundichonga ine ndi cholembera chofiira."

Mwanayo anabweretsa laputopu yake yakale, yoguluka batani limodzi, ya batire losachedwa kutha. Anati azionerapo mafilimu. Mafilimuwo anaonera awiri okha, ndipo onse anawapeza zolakwika. Koma tsiku lina ali pa intaneti anakumana ndi phunziro lina. Mtsikana wina analemba kamzere ka mawu ndi manambala, zimene eni ake amati khodi, ndipo pa sikirini panatuluka bwalo. A Namizere anakopera kamzereko ndi chala chimodzi, chilembo ndi chilembo. Bwalo linatulukadi, lofiira, lozungulira bwino lopanda pokhota.

Anakuwa mpaka amuna awo anatuluka m'bafa thovu lometera lili kutsaya.

"Ndi bwalo basi?"

"Ndi bwalo langa."

"Nanga simukanangotenga mbale n'kuzunguliza pensulo?"

Sanayankhulane mpaka nthawi ya tiyi wa madzulo.

Sabata yotsatira mabwalo anali mazana asanu. Patatha miyezi ingapo anali atasiya mabwalo n'kuyamba mizere yokhotakhota, inde yokhotakhota, iwo amene analiza ana chifukwa cha lula. Chimene chinawakoka mtima n'choti chithunzicho sujambula ndiwe. Iwe umangoika malamulo. Umauza kompyuta kuti mizere iyambire kumanzere, izikhota pang'onopang'ono, isagundane, ikafika pothina izionda, ndipo mitundu isapitirire isanu. Ukatero umaipatsa nambala imodzi, imene amaitcha mbewu, ndipo kuchokera pa nambala imeneyo kompyuta imasankha poyambira mzere uliwonse ndi pokhotera pake. Malamulo omwewo ndi nambala yomweyo zimabala chithunzi chomwecho ngakhale patapita zaka khumi. Koma ukangosintha kanambala kamodzi, chimatuluka chithunzi chachilendo chimene sunachionepo. A Namizere ankati zikufanana ndi kalasi: mphunzitsi yemweyo, malamulo omwewo, koma chaka chilichonse ana ena.

Kompyuta imatha kudzisankhira yokha nambala ya mbewuyo, koma a Namizere sankaikhulupirira. Nambala ankaitola okha. Ankaitenga pa bokosi la mankhwala, pa mita ya madzi, pa tikiti ya basi, ndipo amuna awo, amene anali atagonja tsopano, ankabwera kokayenda ndi manambala a magalimoto atalemba pachikhatho. Nambala iliyonse inkalowa mu kope la buluu la mizati itatu: tsiku, nambala, ndi kumene yachokera. Kopelo linkakhala m'chikwama chawo chakale chakuda, pamodzi ndi magalasi ndi maswiti a chifuwa.

Tsono panali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo uja. Ntchito yake inali yokonza maonekedwe a nsalu. Ankajambula maluwa ndi mizere, kutumiza kwa odinda nsalu, kenako n'kusoka makatani ndi nsalu za pamipando. Chipinda chake chogwirira ntchito chinali pamwamba pa sitolo ya nsapato, chokhala ndi tebulo lalitali lodulirapo, makina osokera awiri ndi windo limodzi. Iye ndi a Namizere sanakanganepo. Vuto linali ulemu. Ulemu unachuluka mpaka macheza anasowa polowera. Zaka zisanu ndi chimodzi za banja zinadutsa popanda mwana, ndipo a Namizere ankaluma lilime kuti asafunse. Ankaganiza kuti akuchita bwino, koma chete wotere nayenso amalemera.

Tsiku lina mpongoziyo akudutsa ndi mbale kuseri kwa mpando wawo, anaima.

"Amayi, ichi mwachitenga kuti?"

"Ndapanga ndine. Kunena zoona, ndauza kompyuta, iyo n'kupanga."

Mpongozi anaika mbale pansi n'kuyandikitsa nkhope. "Kodi chingabwerezeke pansalu yaitali, osaoneka polumikizira?"

A Namizere sankadziwa, koma sakananena zimenezo. Zinawatengera masabata atatu kuti mzere wotuluka kumanja uzilowanso kumanzere pamalo ake enieni. Atatha anayenda m'nyumba monse akuimba nyimbo yopanda mawu. Kuyambira pamenepo ankakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya nsapato kawiri pa sabata, laputopu ili kukhwapa, mawondo akulira koma mtima uli mbee. Ankasangalala, ndipo sankabisa. Munthu wina ankawafuna pa ntchito, ndipo munthu wakeyo anali atayamba kuwaseka akalakwitsa mtundu, chinthu chimene mpongozi waulemu uja sakanayerekeza.

Ntchito yaikulu inabwera Lachiwiri lina. Sukulu ya mkaka yatsopano inkafuna makatani a mawindo 22, ndipo mpongozi anali asanagwirepo ntchito yaikulu chonchi. A Namizere anati tsiku lotere silonyamulira chikwama chakale chothethekathetheka. Anatenga chatsopano, chofiirira, chimene ankasungira maulendo apadera. Anaikamo magalasi ndi maswiti. Kope la buluu linatsala m'chikwama chakuda, pa msomali wa kuseri kwa chitseko.

Mkulu wa sukuluyo anali mayi wovuta kukondweretsa. Zitsanzo khumi ndi ziwiri zimene anamukonzera anazikana zonse. Ichi chikuoneka ngati cha kuchipatala, icho chingagonetse ana nthawi ya phunziro, chinacho chingawalize. A Namizere anaona nkhope ya mpongozi wawo ikugwa, ndipo anatsegula laputopu.

"Dikirani, mayi. Zithunzi sizinathe, zilipo zoposa tsitsi la m'mutu mwanu."

Anayamba kutola manambala paliponse pamene maso agwera m'chipindamo, n'kumalemba m'kabokosi ka mbewu. Chithunzi chikatuluka, mkuluyo ankapukusa mutu, iwo n'kufufuta nambalayo n'kulemba ina. Kachisanu ndi chitatu kapena kachisanu ndi chinayi, mizere yobiriwira ndi yachikasu inayenda pa sikirini, inakhota, inapewana monga mwa malamulo, ndipo pakatikati inakumana mwanjira yoti panaoneka bakha. Bakha wonenepa, wodzimva, woimirira ndi mwendo umodzi. Palibe anamuitana, anangobwera yekha.

Mkulu uja anaseka mpaka anakhala pa mpukutu wa nsalu. "Ameneyu! Ndikufuna ameneyu, osati wina. Ana azimusakasaka pa katani iliyonse." Anatulutsa foni n'kujambula sikiriniyo. Anagwirizana kuti chithunzicho chipite kwa odinda nsalu Lachisanu m'mawa, chifukwa sukulu inali pafupi kutsegulidwa. A Namizere, chisangalalo chitawakwera m'mutu, anati aonetsenso zina ziwiri zitatu zongosangalatsa mlendo. Ali pa chachitatu, batire linatha, sikirini n'kuda bii.

Anafika kunyumba akuyenda ngati mtsikana. Atadya, anatsitsa chikwama chakuda pa msomali, anatsegula kope, analemba tsiku, n'kusunthira cholembera pa mzati wachiwiri. Cholemberacho chinaima m'malere. Anadikira kuti nambala ibwere. Inangobwera nkhani yoti inali ya manambala asanu ndi limodzi, basi. Anayatsa laputopu, ndipo kabokosi ka mbewu kanali kopanda kanthu. Chithunzicho sanachisunge. Chimene chinalipo ndi chija cha pa foni ya mkulu wa sukulu, chopendekeka, chosaoneka bwino, windo likuwala pakati pake, choti wodinda nsalu aliyense akanangochiseka.

A Namizere anawauza amuna awo, ndipo tiwayamikire bambowo kuti anaseka kamodzi kokha.

"Paja mumati mutu umaiwala, koma..."

"Mukangomaliza mawu amenewo, tiyi muzidziphikira nokha mpaka chaka chithe."

Lachitatu lonse anasaka bakha. A Namizere analemba khodi yoti kompyuta iziyesa yokha manambala motsatana, n'kumatulutsa tizithunzi ting'onoting'ono zana pa tsamba limodzi. Amuna awo anavala magalasi, anakoka mpando, n'kukhala woyang'anira. Anapeza nsomba. Anapeza nsapato ya chidendene. Anapeza nkhope ya bwana wawo wakale wa kumabasi, ndipo anaumirira kuti nambala yake ilembedwe. Bakha sanaoneke. Masana a Namizere anatenga pepala n'kuwerengetsa. Manambala asanu ndi limodzi ndiye kuti zithunzi pafupifupi miliyoni, ndipo pa liwiro la kalaputopu kokalambako zikanatenga miyezi inayi ndi theka. Iwo anali ndi tsiku limodzi ndi theka.

Anayesanso chinyengo, tisabise. Anati akakamize mizere kuti ipange bakha poyang'anira chithunzi cha pa foni chija, chimene mkulu wa sukulu anatumizira mpongozi Lachiwiri lomwelo, iye n'kuwatumiziranso iwo. Chimene chinatuluka chinali ketulo ya mlomo. Anachifufuta mwamanyazi, ngati mwana amene wagwidwa akuonera kwa mnzake.

A Namizere sankamuopa mkulu wa sukuluyo, anakumanapo ndi makolo ovuta kuposa iyeyo. Ankaopa kuti mpongozi wawo ataya ntchito yake yaikulu yoyamba chifukwa cha iwo, ndipo sadzakalipa ayi. Adzangoti "palibe kanthu, amayi," ndi mawu aja osalala, ulemu wakale uja n'kubwerera pamalo pake.

Lachinayi m'mawa anakwera masitepe aja pang'onopang'ono, chikwama chakuda chili paphewa. Mpongozi anali akudula nsalu, tepi yoyezera ili m'khosi. A Namizere sanakhale pansi.

"Mwana wanga, ndalakwa. Bakha uja ndamutaya. Nambala yake sindinalembe."

Lumo linaima. Mpongozi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako pakona pa mlomo wake panagwedera.

"Inuyo, amayi? Simunalembe?"

"Seka, ndikuyenera."

Anasekadi, pang'ono, ngakhale mantha ankaoneka m'maso mwake. Kenako anakoka mpando umene a Namizere anakhalapo Lachiwiri n'kuuika pamalo pomwe unali tsikulo. "Khalani apa. Munati munkatola manambala m'chipinda muno. Chipinda sichinasamuke. Yang'anani monga munkayang'anira, ine ndiziwerenga."

Anayamba ndi nambala ya pa makina osokera, ndipo inabala chinthu chonga zingwe zopota. Anayesa ya pa makina achiwiri, ya pa bokosi la ulusi, ya foni yolembedwa pa kalendala, kuyambira kutsogolo ndiponso kuyambira kumbuyo. Mpongozi anagwada n'kuwerenga ya kunsi kwa ayironi. Anakwera pa mpando n'kuwerenga ya pa fani, ngakhale a Namizere ananena kuti maso awo sangafike kumeneko. Manambala ena anatulutsa zithunzi zimene onse anazikumbukira, zija mkulu wa sukulu anazikana, ndipo zimenezi zinawapatsa mtima kuti ali pa njira yake. Koma dzuwa linafika pamutu bakha asanaoneke, ndipo m'chipindamo munalibenso nambala yosayesedwa.

Mpongozi anakhala pa mpukutu wa nsalu n'kutenga foni. "Ndiwaimbire basi. Mwina alola china."

Onse awiri ankadziwa kuti mayi uja salola china. A Namizere anavula magalasi n'kutsamira tebulo lodulirapo nsalu. Atachotsa dzanja anaona kuti chigongono chawo chayera ndi fumbi la choko. Mpongozi wawo anali ndi chizolowezi cholemba miyezo ndi choko patebulo pomwepo, m'lifupi ndi m'litali mwa windo, akamaliza kudula n'kufufuta ndi kansanza. A Namizere analiyang'ana fumbilo, kenako anayang'ana ngodya ya tebulo.

"Dikira, usaimbe. Apa, pangodya apa, panali nambala ya choko. Inali payokha, kutali ndi zinzake. Unaizunguliza ndi kabwalo, kawiri."

Dzanja la mpongozi linagwira tepi ya m'khosi n'kuyamba kuipinda.

"Inali miyezo ya windo liti? Ngati unakopera penapake, tapulumuka."

"Si ya windo, amayi."

"Nanga ya chiyani? Ukuikumbukira?"

"Ndikuikumbukira."

Anaimirira, anatenga choko, n'kuima pangodya paja kanthawi ngati munthu amene akuyeza kuya kwa madzi asanawoloke. Kenako analemba manambala asanu ndi limodzi. A Namizere maso awo anali pa manambalawo. Anawalemba m'kabokosi ka mbewu ndi chala chawo chimodzi chija.

Mizere yobiriwira inayamba kumanzere. Yachikasu inatsatira. Inakhota, inapewana, inaonda pothina, ndipo pakatikati, mosafulumira ngati kuti sanasowepo, bakha anaimirira ndi mwendo wake umodzi.

Phokoso limene linatuluka m'chipindamo linachititsa wogulitsa nsapato wa pansi kugogoda denga ndi mtengo wa tsache. A Namizere anapezeka atamukumbatira mpongozi wawo, koyamba chikwatirire mwana wawo, akudumpha ndi mawondo omwe aja olira pa masitepe. Chithunzicho anachisunga katatu, m'malo atatu osiyana. Kenako anatulutsa kope la buluu, analemba tsiku, analemba nambala, n'kufika pa mzati wachitatu.

"Tsono ndilembe kuti yachokera kuti?"

Anayang'ananso patebulo, tsopano ndi maso a mphunzitsi wa masamu amene mtima wakhala pansi. Manambalawo anali awiriawiri, motalikirana pang'ono. Awiri oyamba anali 19. Apakati anali 03. Awiri omaliza anali a chaka chamawa. A Namizere anaika cholembera pansi. Anayamba kuwerenga miyezi ndi zala, chobwerera m'mbuyo, milomo ikuyenda popanda mawu. Atafika pa chala chachisanu ndi chinayi anadzutsa mutu.

Mpongozi anali akulira kale, uku akumwetulira.

"Lachiwiri lija ndinadzera kuchipatala ndisanabwere kuno. Anamwino anandiuza kuti mwana adzabadwa tsiku limeneli. Nditafika ndinangofuna kuliona ndi maso, ndiye ndinalemba. Mutachoka ndinafufuta." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya tepi. "Kawiri konse zinapita padera, amayi. Sitinakuuzeni, tinkaopa kukulizani. Ulendo uno tinagwirizana kuti tikhale chete mpaka zioneke zokha. Ndili ndi mantha."

A Namizere analira, kulira kwenikweni kosabisa, chisoni cha ana awiri aja amene sanawadziwe chitasakanikirana ndi chimwemwe. Anagwira manja a mpongozi wawo, oyera ndi choko.

"Ine ndinkati ndikafunsa ndikupweteka, ndiye ndinangotseka pakamwa. Pepa, mwana wanga, unasenza wekha. Mantha amenewa tigawane. Theka ndipatse ine, ndilibe chochita china."

"Koma abambo musawauze kaye."

"Amene aja? Angauze basi yonse. Sindinena."

Mzati wachitatu unatsala wopanda kanthu. Pa masamba onse a kope la buluu, mpata wosalembedwa unali umenewo wokha, ndipo amuna awo sanachedwe kuuona.

"Apa mwaiwalanso?"

"Sindinaiwale."

"Nanga?"

"Imwani tiyi wanu akuzizira."

A Namizere amanena okha kuti pa ntchito zonse zimene anagwirapo, kuphunzitsa ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi imodzi, kuphunzira khodi ndi chala chimodzi, palibe inawavuta ngati kusunga pakamwa miyezi iwiri imeneyo. Ankangoyenda m'nyumba akumwetulira makabati. Bambowo anafika poganiza kuti laputopu yawasokoneza mutu.

Chithunzi chinapita kwa odinda nsalu Lachisanu m'mawa. Makatani anapachikidwa pa mawindo onse 22, ndipo akuti mpaka lero ana a pasukulupo amakanganirana kuti bakha wa pa windo lawo ndiye wonenepa kwambiri, chonsecho ndi bakha mmodzi yemweyo. Poitanitsa nsaluyo a Namizere anapempha kuti awonjezere mamita atatu. Mpongozi sanafunse kuti ndi a chiyani. Anawapinda bwinobwino n'kuwaika pamwamba pa shelefu, ndipo palibe anawakhudza kufikira nthawi yake.

Mwana sanabwere pa 19. Anabwera pa 23, wamkazi, wa mawu aakulu. A Namizere anati kuchedwako watengera agogo ake aamuna, amene basi yawo sinafikepo pa nthawi yake. Agogo aamunawo, pofuna kubwezera, anaumirira kuti ayese tsiku lenileni lobadwira m'kabokosi ka mbewu, poti mwina mutuluka chinthu choposa bakha. Anayesa. Munatuluka chinthu chonga kabichi wofota, ndipo anaseka mpaka mwana anadzuka.

Masana a tsiku limene anamupatsa dzina, katani ya bakha ikugwedera pa kawindo ka chipinda chake, a Namizere anatsitsa chikwama chakuda pa msomali. Anatsegula kope la buluu, anabwerera m'mbuyo masamba ambiri mpaka anapeza mpata uja. Analembamo dzina la mdzukulu wawo, chilembo ndi chilembo. Kenako anatenga lula n'kudula mzere kunsi kwake.